Mowa Wogonera M'migolo ndi Fodya Wosungidwa Zaka Zambiri: Kodi Kukhalitsa Kumachotsa Poizoni?

Pa mabotolo ena a mowa waukali wochokera kunja pamalembedwa chiwerengero cha zaka, monga 12 kapena 18. Mowa umenewu ndi whisky, ndipo chiwerengerocho chimasonyeza nthawi imene mowawo unagonera mumgolo usanathiridwe m'botolo. M'mayiko ena mulinso ndudu zikuluzikulu zotchedwa cigar, zimene eni ake amazisunga m'mabokosi apadera kwa zaka zambiri asanazisute. Zinthu ziwirizi n'zokwera mtengo, ndipo kaamba ka ichi anthu ambiri amakhulupirira kuti n'zoyera, kuti poizoni wake anatha ndi kugonera, ndi kuti zopha anthu ndi kachasu ndi chingambwe basi. Ena amafika ponena kuti katoti ka mowa wotere ndi mankhwala a mtima. Phunziro la mwezi uno likufotokoza mmene zinthuzi zimasungidwira, zimene zimasintha m'kati mwake zaka zikamapita, ndiponso zimene sizisintha ngakhale zitasungidwa zaka zana.

Kumene whisky amachokera

Dziko lotchuka kwambiri pa mowa umenewu ndi Scotland. Zolemba zakale za chuma cha mfumu ya kumeneko zimasonyeza kuti mu 1494 mmonke wina, dzina lake John Cor, anapatsidwa chimera choti apangire mowa wotcheza. Dzina lakuti whisky linachokera ku mawu a chinenero cha Gaelic otanthauza madzi a moyo, pakuti anthu akale ankauyesa mankhwala.

Kapangidwe kake sikachilendo kwa munthu amene anaonapo mowa ukufululidwa kumudzi. Amanyika barele m'madzi mpaka amere, kenaka amamuumitsa, ndipo chimenechi ndi chimera. Chimeracho amachipera ndi kuchisakaniza ndi madzi otentha kuti chitulutse shuga, n'kuthiramo yisiti. Pakapita masiku awiri kapena atatu madziwo amakhala atasanduka mowa wofatsa, wokhala ndi magawo pafupifupi 8 pa 100 alionse a mowa weniweni, umene akatswiri amautcha ethanol. Tsono amautcheza kawiri m'miphika ikuluikulu ya mkuwa. Madontho oyamba kutuluka ndi otsiriza sawathira mumgolo, chifukwa ndi amene amakhala ndi zoipa zambiri. Amatenga apakati okha. Mowa wotuluka pamenepa umakhala woyera ngati madzi ndiponso wolusa pakhosi, wosasiyana kwenikweni ndi kachasu m'maonekedwe.

Zimene mgolo umachita

Lamulo la ku Scotland limanena kuti mowa sungatchedwe Scotch whisky ngati sunagonere m'dzikomo zaka zosachepera zitatu, m'migolo ya mtengo wa oak yosapitirira malita 700, ndi kuti pothiridwa m'botolo usachepere magawo 40 pa 100 a mowa weniweni. Chiyambi cha lamulo la zaka ndi 1915, m'nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene boma la Britain linkada nkhawa ndi uchidakwa pakati pa anthu ogwira ntchito m'mafakitale a zida. Anthu ambiri panthawiyo ankaganiza kuti mowa wosagonera ndiwo umapengetsa munthu kwambiri, motero boma linaletsa kugulitsa mowa wotcheza umene sunakhalitse m'nyumba zosungiramo. Choncho maganizo akuti mowa wakale ndi wofatsa m'thupi sanayambe lero.

Ku America, makamaka m'chigawo cha Kentucky, amapanga mtundu wina wotchedwa bourbon. Lamulo la kumeneko limafuna kuti magawo osachepera 51 pa 100 a mbewu zofululira akhale chimanga, ndi kuti mowawo ugonere m'migolo yatsopano imene m'kati mwake awauza ndi moto mpaka pachita makala. Popeza mgolo sungagwirenso ntchito kachiwiri pa bourbon, migolo yambiri yotereyi imagulitsidwa ku Scotland. Ina imachokera ku Spain, kumene inasungirapo vinyo wotchedwa sherry.

M'kati mwa mgolo mumachitika zinthu zitatu. Choyamba, nyengo ikatentha mowa umafufuma n'kulowa m'timabowo ta thabwa, ndipo ikazizira umabwerera. Potero umatenga kuthabwako mtundu wofiirira uja, fungo lonunkhira ndi kakomedwe kotsekemera pang'ono. Chachiwiri, makala a m'kati mwa mgolo amayamwa zina mwa zinthu zonunkha zimene zinatsalira potcheza. Chachitatu, thabwa limalola mpweya kulowa pang'onopang'ono, ndipo mpweyawo umasintha zina mwa zinthu zolusa pakhosi kuti zikhale zonunkhira ngati zipatso.

Mgolo umatayanso mowa. Ku Scotland, kumene kumazizira, magawo pafupifupi 2 pa 100 amauluka chaka chilichonse, ndipo eni ake amati limeneli ndi gawo la angelo. Motero mgolo wa malita 200 ukagonera zaka 12 umatsala ndi malita osakwana 160. Kumayiko otentha monga India kuulukaku kumakhala kwakukulu kangapo. Apa ndi pamene pagona kukwera mtengo kwa mowa wakale: wotsala ndi wochepa, ndipo mwini wake walipirira malo ndi alonda kwa zaka zambiri asanapezepo ndalama. Mu November 2023 botolo limodzi la The Macallan, la mowa umene unatchezedwa mu 1926 n'kugonera zaka 60, linagulitsidwa pa okushoni ya Sotheby's ku London pa ndalama zopitirira mapaundi 2 miliyoni.

Mowa ukangochoka mumgolo n'kulowa m'botolo, kukhwima kwake kumathera pomwepo, pakuti galasi silipereka kanthu ndipo sililola mpweya kudutsa. Botolo lolembedwa zaka 12 likakhala m'kabati zaka zina 20 limakhalabe la zaka 12. Ndiponso ngati m'botolo mwasakanizidwa mowa wa m'migolo yosiyana, chiwerengero cholembedwa chimakhala cha mowa waung'ono pa yonse. Osunga mabotolo amawaimika chilili kuti mowa usadye chotsekera, ndipo amawaika pozizira, posafika dzuwa.

Fodya wa cigar

Pamene Christopher Columbus ndi anzake anafika pachilumba cha Cuba mu 1492, anapeza eni dziko akusuta masamba okulunga. Mpaka lero fodya wa cigar wotchuka koposa amalimidwa pachilumbachi, m'dera la Vuelta Abajo m'chigawo cha Pinar del Río. Cigar alibe pepala. Ndi fodya yekhayekha wa magawo atatu: masamba a m'kati, tsamba lomangira, ndi tsamba losalala lokutira kunja.

Mlimi wa fodya wa ku Kasungu kapena ku Mchinji angaizindikire msanga ntchito yake. Masamba amathyoledwa kuyambira m'munsi kupita kunsonga, amasokedwa awiriawiri, n'kupachikidwa pamitengo m'nyumba zonga chigafa, mmene amauma ndi mphepo kwa masiku pafupifupi 50. Akauma amaunjikidwa milumilu ali ndi chinyontho pang'ono. M'kati mwa mulu mumatentha pokha, ndipo fodyayo amatulutsa mpweya woswa mphuno wotchedwa ammonia pamodzi ndi kuwawa kwina. Mulu ukatentha mopitirira amauphwasula n'kuuunjikanso. Pambuyo pake fodya amamangidwa m'mabelo ndi kusungidwa, wina miyezi ingapo, wina zaka ziwiri kapena zitatu, makamaka masamba akunsonga amene amakhala aukali kwambiri.

Ndudu zikapangidwa zimasungidwa m'bokosi lotchedwa humidor, limene kawirikawiri m'kati mwake amayalamo matabwa onunkhira a mtengo wina wa ku America wa m'banja limodzi ndi mbawa. M'bokosimo mumafunika chinyezi cha magawo 65 mpaka 70 pa 100, ndi kutentha kwa pakati pa madigiri 16 ndi 21. Mukauma kwambiri tsamba lakunja limang'aluka ndipo fungo limatha. Mukanyowa kwambiri fodya amachita nkhungu. Mukatentha, mazira a kachilombo konga nankafumbwe, kamene kamadya fodya wouma, amaswa, ndipo timphutsi take timaboola ndudu zonse za m'bokosi. N'chifukwa chake opanga ambiri amayamba aziika m'malo oundana ndi chisanu kuti mazirawo afe. Ndudu zosungidwa bwino zimafatsa utsi zaka zikamapita, ndipo sizikanda pakhosi ngati zatsopano.

Zimene zaka sizisintha

Zonse zafotokozedwazi zimasintha mtundu, fungo ndi kakomedwe. Palibe ngakhale chimodzi chimene chimachotsa chinthu chimene chimavulaza thupi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chimene chimaledzeretsa mu whisky wa zaka 18 ndi ethanol yemweyo amene ali mu kachasu, m'masese ndi m'mowa wa m'mabotolo. Botolo la mamililita 750 la mowa wa magawo 40 pa 100 lili ndi mamililita 300 a mowa weniweni, mlingo wofanana ndi mabotolo pafupifupi 18 a mamililita 330 a mowa wa magawo 5 pa 100. Chiwindi cha munthu wamkulu chimatha kuchotsa mamililita pafupifupi 10 okha pa ola limodzi, ndiye kuti katoti kamodzi kakang'ono. Pogwira ntchito imeneyi chiwindi chimasandutsa mowa kukhala chinthu china chotchedwa acetaldehyde, chimene chimawononga timagawo ta thupi ndipo chimayambitsa khansa. Chiwindi sichidziwa mtengo wa botolo kapena zaka zolembedwapo. Munthu akamamwa kwambiri kwa nthawi yaitali chimachita mafuta, kenaka chimatupa, ndipo pomaliza chimauma ndi zipsera n'kulephera ntchito.

Mu 1988 bungwe lofufuza za khansa la IARC, limene lili pansi pa bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, linaika zakumwa zoledzeretsa m'gulu loyamba la zinthu zimene zatsimikizika kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Silinapatule mowa wodula kapena wogonera. Mu January 2023 WHO inalengeza kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti suvulaza thanzi, ndipo lipoti lake la 2024 linasonyeza kuti mu 2019 mowa unachititsa imfa 2.6 miliyoni pa dziko lonse. Ngakhale matsire sachepa ndi kugonera. Mowa wofiirira wochokera m'migolo umakhala ndi zinthu zina zambiri zowonjezera kuposa mowa woyera wosefedwa bwino, ndipo kawirikawiri matsire ake amakhala owawa kwambiri.

Nkhani ya fodya ndi yoopsa kuposa apa, chifukwa kuumitsa ndi kuunjika komwe kuja ndiko kumabala poizoni wina. M'nthawi imeneyi chikonga cha m'masamba chimasakanikirana ndi michere ina n'kupanga zinthu zotchedwa nitrosamine, zimene tsamba laliwisi limakhala nazo zochepa kwambiri. Ziwiri mwa izo, NNN ndi NNK, zili m'gulu loyamba lomwe lija la zoyambitsa khansa. Fodya wa cigar, popeza amaunjikidwa nthawi yaitali, amakhala ndi zinthuzi zochuluka. Komanso cigar wamkulu mmodzi angakhale ndi fodya wofanana ndi paketi yathunthu ya ndudu 20 za masiku onse, ndipo kumusuta kumatenga ola limodzi kapena kupitirira.

Osuta cigar ambiri amadzitonthoza ponena kuti sameza utsi. Koma utsi wa fodya wotere umalola chikonga kulowa m'magazi kudzera m'khungu la m'kamwa, motero chizolowezi chimagwira munthu ngakhale utsi usafike m'mapapo. Milomo, lilime, m'kamwa ndi kholingo zimakhala zikusamba utsi, ndipo malovu omezedwa amatengera poizoniyo kum'mero. Mu 1998 bungwe la National Cancer Institute la ku America linatulutsa buku lalikulu losonyeza kuti kusuta cigar kumayambitsa khansa ya m'kamwa, ya pakhosi, ya kum'mero ndi ya m'mapapo. Anthu otchuka amene anali ndi ndalama zogulira fodya wabwino sanapulumuke. Ulysses S. Grant, amene anakhalapo mtsogoleri wa dziko la America, anali wosuta cigar kwambiri ndipo anamwalira ndi khansa ya pakhosi mu 1885. Sigmund Freud, dokotala wodziwika wa ku Vienna, ankasuta pafupifupi 20 pa tsiku. Anamupeza ndi khansa ya m'kamwa mu 1923, anachitidwa maopaleshoni opitirira 30, ndipo anamwalira ku London mu 1939. Malinga ndi WHO, fodya wa mitundu yonse amapha anthu opitirira 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo ena mwa iwo ndi osasuta amene amangopuma utsi wa anzawo.

Kumayiko kumene zinthu ziwirizi n'zotchuka, anthu amakonda kuziphatikiza, tambula kudzanja ili, ndudu kudzanja linali. Kuphatikiza kumeneku n'koopsa kuposa chilichonse pachokha, pakuti mowa umafewetsa khungu la m'kamwa ndi la kum'mero, ndipo poizoni wa mu utsi amalowa mosavuta. N'chimodzimodzi ndi munthu amene amamwa kachasu uku akusuta chingambwe. Dziko la Malawi lili pakati pa mayiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri pa dziko lonse. Zoyambitsa nthendayi n'zambiri, koma fodya ndi mowa waukali zili m'gulu la zimene munthu angathe kuzipewa yekha.

Kodi tsono kachasu ndi whisky n'zofanana?

M'kuwononga chiwindi ndi kuyambitsa khansa n'zofanana. Kusiyana kuli pakuti mowa wotchezedwa mobisa uli ndi ngozi zinanso zowonjezera. Womwa sadziwa ukali wake chifukwa palibe amene anauyeza. Madontho oyamba, amene ku Scotland sawathira mumgolo, kuno amatchedwa mutu ndipo ndi amene amafunidwa kwambiri. Mapaipi ndi zitini zakale zingathe kusiya mtovu m'mowa. Choopsa koposa ndi pamene ogulitsa osakhulupirika athiramo sipiriti wa m'mafakitale wokhala ndi methanol: mamililita 10 okha a methanol angachititse munthu khungu, ndipo mamililita 30 angathe kupha. Kusunga mowa wotere miyezi kapena zaka sikuchotsa methanol kapena mtovu. Ngozi yomweyi ilinso m'mowa wachinyengo wothiridwa m'mabotolo akale a whisky wodula, motero chizindikiro chokongola pa botolo si umboni wakuti za m'kati n'zenizeni.

Zoyenera kuchita

1. Munthu amene samwa kapena kusuta asayambe poganiza kuti zodula n'zosavulaza. Amene amamwa achepetse, ndipo amene amasuta aleke, pakuti fodya alibe mlingo wabwino.

2. Mayi woyembekezera asamwe mowa wa mtundu uliwonse, chifukwa umadutsa m'magazi n'kukawononga ubongo wa mwana. Wodwala amene akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu apewenso mowa, pakuti chiwindi chake chili kale ndi ntchito yaikulu.

3. Mowa waukali usungidwe posafika ana. Mwana wamng'ono akamwa ngakhale pang'ono shuga wa m'magazi mwake amatsika, ndipo angathe kukomoka kapena kufa. Chakumwa chilichonse chisasungidwe m'zigubu zimene munali mankhwala a mbewu kapena mafuta a galimoto.

4. Alimi asasunge fodya m'chipinda chogona, ndipo ana asagwire masamba aawisi, makamaka onyowa ndi mame kapena mvula, chifukwa chikonga chimalowa pakhungu n'kuyambitsa chizungulire, kusanza ndi mutu.

5. Munthu afulumire kupita kuchipatala akaona chilonda cha m'kamwa chosapola patatha masabata atatu, zigamba zoyera kapena zofiira m'kamwa, mawu osasa kwa nthawi yaitali, kutsokomola kopitirira masabata awiri, kapena kuvutika kumeza, kumene kawirikawiri kumayamba ndi nsima, kenaka phala, pomaliza madzi. Maso achikasu, kutupa mimba ndi kusanza magazi ndi zizindikiro za chiwindi chodwala.

6. Munthu amene wamwa mowa wokayikitsa n'kuyamba kumva mutu, kusanza, kupweteka m'mimba kapena kuona zinthu mwachimbuuzi, kawirikawiri patapita maola 12 mpaka 24, atengeredwe kuchipatala nthawi yomweyo pamodzi ndi onse amene anamwa naye. Abale asayembekeze kuti ndi matsire chabe, ndipo atenge mowa wotsalawo kuti achipatala akauone.

7. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku ayambe wafunsa achipatala asanaleke, chifukwa kuleka mwadzidzidzi kungabweretse kunjenjemera, kubwebweta ndi kugwa ngati wakhunyu. Achipatala ali ndi njira zomuthandizira kuleka bwino.

Thupi limayamba kuchira msanga munthu akaleka. Malinga ndi WHO, pakangotha maola 12 chisiyireni fodya, mpweya woipa wa mu utsi umatsika m'magazi kufika pa mlingo woyenera. Pakatha chaka chimodzi ngozi ya matenda a mtima imatsika kufika pafupifupi theka la ya munthu wosuta, ndipo pakatha zaka 10 ngozi ya khansa ya m'mapapo imatsikanso kufika pafupifupi theka. Chiwindi chimene changochita mafuta chingabwerere mwakale munthu akasiya mowa, koma chimene chauma ndi zipsera sichibwerera. N'chifukwa chake kuleka lero kuli ndi phindu loposa kuleka chaka chamawa. Mu 2023 dziko la Malawi linalowa nawo m'pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya, koma pangano la boma silingalowe m'malo mwa chisankho cha munthu payekha ndi chithandizo cha banja lake.

Mafunso okambirana

1. Kodi mtundu wofiirira wa whisky umachokera kuti, nanga n'chifukwa chiyani mowawu sukhwimanso ukalowa m'botolo?

2. Kodi ndi nthawi iti imene poizoni wotchedwa nitrosamine amapangika mu fodya?

3. N'chifukwa chiyani munthu wosameza utsi angadwalebe khansa?

4. Kodi ndi zizindikiro ziti zimene ziyenera kufulumizitsa munthu womwa kapena wosuta kupita kuchipatala?

5. Kodi banja lingamuthandize bwanji mbale amene akufuna kuleka mowa kapena fodya?